Magazi a mayi akaukira mwana ali m'mimba

Amayi ena oyembekezera amauzidwa kusikelo kuti m'magazi mwawo mwapezeka asilikali olimbana ndi maselo ofiira a magazi. Mayiyo samva kupweteka kulikonse. Amene ali pachiopsezo ndi mwana.

Kawirikawiri vutoli limachokera ku gulu la magazi la Rh. Mayi akakhala Rh negative, mwana n'kutengera Rh positive ya bambo ake, timagazi ta mwanayo timatha kulowa m'thupi la mayi pobereka, popita padera kapena potaya magazi ali ndi pakati. Thupi limatiyesa mdani ndipo limapanga asilikali omwe sachokanso. Mwana woyamba nthawi zambiri amapulumuka. Pa mimba zotsatira, asilikaliwa amadutsa m'nsengwa n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwana, yemwe amatha kuchepa magazi, kutupa thupi, kubadwa ndi chikasu kapenanso kufera m'mimba.

Jakisoni wa anti-D, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1968, amaperekedwa kwa mayi wa Rh negative pasanathe maola 72 chibadwire mwana, ndipo kumene alipo wokwanira amaperekedwanso mimba ikafika masabata 28. Chofunika kumvetsa n'chakuti jakisoniyu amangoletsa asilikali kupangika. Amene adapangika kale sawachotsa. Satetezanso ku asilikali ena, monga anti-c ndi anti-Kell, omwe amathanso kubwera mayi akaikidwapo magazi.

Choncho asilikali akapezeka, chotsala ndi kulondoloza mimbayo mosamala. Madokotala amayeza magazi a mayi pafupipafupi kuti aone ngati asilikaliwo akuchuluka. Akachuluka, sikani ya Doppler imayeza liwiro la magazi mumtsempha wa muubongo wa mwana, pakuti magazi akachepa amathamanga kwambiri. Zikavuta, mwana amatha kuikidwa magazi ali m'mimba momwemo, njira imene William Liley adayamba ku New Zealand m'chaka cha 1963. Ntchitoyi ndi ya akatswiri, n'chifukwa chake mayi wotere amayenera kuchilira kuchipatala chachikulu, nthawi zina masiku asanakwane.

Khanda likabadwa ndi chikasu limagonekedwa pansi pa magetsi apadera, ndipo chikakula, limasinthidwa magazi. Nayenso mayi amafunika kumupezera magazi ogwirizana ndi ake tsiku lochira lisanafike, chifukwa sapezeka msanga. Azamba amathandizika kwambiri mayi akawauza kuti adaikidwapo magazi, kapena kuti mwana wake wina adabadwa ndi chikasu.