Ana Ophunzira Panyumba Akapita ku Williamsburg

Pamene masukulu athu anatsekedwa mu 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, ambiri a ife makolo tinalawako nchito ya uphunzitsi, ndipo tinaona kuti si yamasewera. Koma ku America kuli mabanja amene anasankha njira imeneyi mwa kufuna kwao, mliriwo usanamveke n'komwe. Ana ao sapita ku sukulu. Amai kapena atate ndiwo amawaphunzitsa kuwerenga, masamu ndi mbiri yakale ali panyumba. Kuyambira mu 1993 lamulo limalola zimenezi m'zigawo zonse 50 za dzikolo, ndipo ana otere amapitirira miliyoni imodzi.

Tsono mutu umodzi susenza denga. Masamu amafuna buku ndi pensulo basi, koma mbiri yakale imafuna maso ndi manja. N'cifukwa cake nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale kumeneko zimapatula masiku a ana ophunzira panyumba. Pa masiku amenewa ndalama yolowera imatsitsidwa, ndipo ana amabwera pamodzi ndi makolo ao pa nthawi imene anzao ali m'kalasi.

Amodzi mwa malo ocita zimenezi ndi Colonial Williamsburg, m'cigawo ca Virginia. Si nyumba imodzi ai, koma mudzi wathunthu wa maekala 301. Williamsburg unali likulu la Virginia kucokera mu 1699 kufikira mu 1780, dziko la America likubadwa. Mu 1926 m'busa wina, W.A.R. Goodwin, anakopa munthu wacuma, John D. Rockefeller Jr., kuti apereke ndalama zoukonzera monga unalili kale. Lero mwana akayenda m'miseu yake amapeza osula zitsulo, osoka nsapato ndi osindikiza mabuku akugwira nchito ndi zipangizo zakale, atavala zovala za masiku amenewo, ndipo amayankha ciriconse cimene mwana afunsa. Pamalo oumbira njerwa ana amavula nsapato nalowa m'dothi kukaliponda. Apa ife tingasekeko pang'ono, pakuti kwathu kuno mwana sagula tikiti kuti aponde dothi la njerwa, amacita kutumidwa.

Koma phindu lalikulu la ulendo wotere, monga tionera ife, siliri m'dothimo. Mwana wophunzira panyumba amamva mbiri kucokera pakamwa pamodzi, ndipo kholo, monga munthu aliyense, limakonda kusimba zokoma ndi kulumpha zowawa. Eni ake a Williamsburg nawonso anagwa m'mbuna yomweyo kwa zaka zambiri. Alendo ankaonetsedwa nyumba ya bwanamkubwa ndi minda yake ya maluwa, pamene m'zaka za m'ma 1770 pafupifupi theka la anthu a m'mudziwo anali anthu akuda, ambiri a iwo akapolo. Panafika mu 1979 mpamene analemba nchito anthu akuda oti azifotokoza moyo wa akapolowo. Mu 1994 anacita sewero loonetsa kugulitsidwa kwa akapolo, ndipo panabuka mkangano waukulu: ena anati masautso a makolo ao asasanduke coonerera, ena anati cobisa sicipola.

Cimene catikhudza koposa ndi kanyumba kena kamatabwa kochedwa Bray School. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1760 ndi thandizo la kagulu ka mpingo wa Anglican ka ku London, ndipo Benjamin Franklin ndiye analangiza kuti iikidwe ku Williamsburg. Mphunzitsi wake anali mai mmodzi yekha, Ann Wager, amene anaphunzitsa ana akuda mazana angapo kufikira imfa yake mu 1774, pamene sukulu inatsekedwa. Anawo ankaphunzira kuwerenga ndi katekisimu, ndipo atsikana ankaphunziranso kusoka. Komanso, tisabise, ankaphunzitsidwa kuti alandire ukapolo wao ndi kumvera ambuye ao. Mau a Mulungu ndi unyolo zinalowera pa khomo limodzi.

Kanyumbako kanaiwalika kwa zaka zambiri, kakugwiritsidwa nchito zina pa koleji ya William & Mary, kufikira akatswiri atapima zaka za mitengo yake natsimikiza kuti ndi komweko. Mu February 2023 anakanyamula konse pa galimoto lalikulu nakasamutsira ku Colonial Williamsburg.

Taganizirani tsono mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene mphunzitsi wake ndi amai ake om'bala, ataima pa khomo la sukulu ya ana a msinkhu wake amene amai ao analibe mphamvu iriyonse pa iwo. Mafunso amene adzafunsa pobwerera kunyumba sali m'buku limene kholo linakonzera. Mindandanda ina ya ophunzirawo idakalipo. Pa mndandanda wa 1762, pambali pa maina a ana ambiri sanalembe dzina la atate kapena la amai. Analemba dzina la mwini wa mwanayo.