Ku Dzaleka, Kumene Ndende Inasanduka Bwalo la Gule

Kale panali maina amene munthu ankayamba wacheuka asanawatchule, ndipo Dzaleka linali limodzi mwa iwo. M'nthawi ya chipani chimodzi, mukamva kuti m'bale wanu amutengera ku Dzaleka, m'boma la Dowa, nsima inkakanika kutsika. Kumeneko kunali ndende ya anthu ogwidwa pa zandale, komanso a Mboni za Yehova amene anakana kugula khadi la chipani. Dzinalo akuti linachokera ku mawu akuti "ndidzaleka", poti wolawa za kumeneko ankalumbira kuti sadzayambiranso. Onani m'maganizo chitunda cha kumeneko, mphepo ya mwezi wa June ikulowa mpaka m'mafupa, anthu ali zyoli, khasu lili m'manja. Panalibe wopita ku Dzaleka mwa kufuna kwake.

Mu 1994 malowa anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Anafika a ku Rwanda, a ku Burundi, a ku Congo, a ku Somalia ndi a ku Ethiopia, aliyense ndi kamtolo kake ndi chisoni chake. Ndende inatha, koma kukongola sikunabwere. Kunamera tinyumba ta zidina tothithikana ngati mano a chipeso, madenga ena a udzu, ena a malona opsinjidwa ndi miyala. Tinjira take n'topapatiza, chilimwe fumbi lokhalokha, dzinja matope oterera. Pa mjigo zigubu zachikasu zimafola mzere kusanache. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 pano akusunga oposa 50,000, ndipo lamulo limati wothawa kwawo azikhala mumsasa momwemo. Lilongwe ili pa mtunda wosakwana makilomita 50, koma kwa anthu a mumzinda Dzaleka kunali ngati kutsidya kwa nyanja. Ambiri sankasiyanitsa n'komwe Mkongo ndi Msomali. Onse ankangowatcha Maburundi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene odutsa panjira sankachidziwa n'chakuti munthu pothawa nkhondo amasiya nyumba, munda ndi ziweto, koma nyimbo sasiya. M'tinyumba tija munali oimba rumba opanda gitala yabwino, alakatuli opanda owamvera, ndi anyamata amene ankapinda thupi ngati mphira, owonera ali nkhuku ndi ana a khomo loyandikana. Makwaya ankaimba m'matchalitchi a malata Lamlungu, mawu n'kuthera mumsasa momwemo. Luso linali mbwee, koma lovundikiridwa ndi mtanga.

Mtangawo anauvundukula ndi Trésor Nzengu Mpauni, mlakatuli wa ku Lubumbashi wodziwika ndi dzina lakuti Menes La Plume, amene anafika ku Dzaleka mu 2008 atathawa kwawo ku Congo. Maganizo ake anali achidule: ngati anthu a mumsasa sangapite kumene kuli dziko, dziko libwere kumene kuli iwo. Mu 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, mawu a Chiswahili otanthauza chiyembekezo, ndipo anati kulowa kukhale kwaulere. Taganizirani ntchito yake. Nsanja iyenera kumangidwa pa bwalo la fumbi. Zokuzira mawu ziyenera kuchokera kutauni, jenereta imwe mafuta, oimba otchuka avomere kukaimbira kumsasa, ndipo zonsezi popanda kobiri ya pachipata. Kunali kugogoda makomo a mabungwe ndi akufunakwabwino, kulemba makalata, kudikira, kugogodanso. Anthu a mumsasa omwewo ndiwo anasesa, ananyamula matabwa, anazika mitengo, n'kuyeserera magule awo madzulo aliwonse mpaka fumbi kobo.

Tsono bwerani lero, nyengo ya kutentha mvula isanayambe, mudzaone. Msewu umene kale unkadutsa galimoto zotsekera anthu ndi malole a chakudya chothandizira umadzaza maminibasi, makabaza ndi galimoto zonyezimira za ku Lilongwe. Bwalo la fumbi lija silidziwikanso. Nsalu zamawangamawanga zili petupetu, nsanja yaikulu yaima nji, ndipo m'mbali muli timabwalo ta ndakatulo, zisudzo ndi magule a makolo. Fungo la chapati, mandasi ndi kanyenya limakulandirani musanatsike n'komwe. Apa mukumva "karibu", apo "bonjour", uko "muli bwanji", zonse m'mphindi imodzi.

Kenako nthaka imayamba kunjenjemera. Ndi a Amahoro, oimba ng'oma a ku Burundi, amene dzina lawo limatanthauza mtendere. Amalowa pamzere, osavala nsapato, atadzikulunga nsalu zoyera, zofiira ndi zobiriwira. Aliyense wasenza pamutu chimng'oma chogoba pa thunthu la mtengo, ndipo akuchiomba ndi timitengo chili pamutu pomwepo, uku akuyenda. Akafika amatsitsa ng'omazo n'kuzindandalika ngati mwezi wokhala kumene, imodzi n'kuiika pakati. Mmodzimmodzi amatuluka, kulumpha mpaka maondo kufika m'chifuwa, kuzunguza kamtengo m'khosi, kenako phu pa ng'oma yapakati ija. Ku Burundi ng'oma zimenezi zinali za mafumu, ndipo mu 2014, chaka chomwe Tumaini inabadwa, UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Dzina lija limene linkatchulidwa monyoza, Maburundi, pa bwaloli limatuluka ndi nthungululu.

Fumbi la ng'oma lisanakhazikike, amalowa a ku Rwanda, amayi manja ali tambalale ngati nyanga za ng'ombe zawo, akuyandama mofatsa, amuna akuponda pansi maseche a m'miyendo ali wayawaya. Dzuwa likapendeka imakhala nthawi ya Akongo. Rumba imayamba pang'onopang'ono ngati yamanyazi, woimba akudandaula za chikondi m'Chilingala, kenako gitala imathyoka n'kulowa sebene, ndipo palibenso wokhala pansi. Gogo wa m'mudzi woyandikana wamanga chitenje m'chiuno. Mzungu wa ku ofesi ya kazembe akuyesa ndombolo, chiuno chikukana, ana ali gagaga kuseka. Anyamata aja amene ankaonetsa nkhuku luso lawo tsopano akupidiguka m'mwamba pamaso pa zikwi za anthu, mafoni ali m'mwamba kuwajambula. Oimba a ku Malawi amene timawamvera pa wailesi amakwera nsanja yomweyo, kulandira maikolofoni kuchokera kwa mnyamata amene m'mawa anali pamzere wa pamjigo. Ndipo Achewa a ku Dowa, eni nthaka, akalowetsa ng'oma zawo, Mrundi amatchera khutu ngati mmisiri woyeza ntchito ya mmisiri mnzake.

Chodabwitsa koposa chimachitika usiku. Alendo ambiri sabwerera kutauni, amagona m'nyumba za mabanja a mumsasa, n'kulipirako kangachepe. Mayi amene zaka zonsezi wakhala akutchedwa wolandira thandizo, tsiku limenelo ndiye mwini khomo. Iye ndiye amayala mphasa, kutenthetsa madzi osamba, kupakula mpunga ndi sombe, ndiwo ya chigwada yophika Chikongo, n'kuumiriza mlendo kuti awonjezere. Wogulitsa chapati amatha ufa wa mlungu wonse tsiku limodzi. Telala amagulitsa malaya a chitenje amene wakhala akusoka kwa miyezi. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale, koma kuno sizidziwikanso kuti mlendo ndani.

Chikondwerero chikatha nsanja imaphwasulidwa, zigubu zimabwerera pamzere, ndipo lamulo lija la kukhala mumsasa limakhala lili chilili. Koma chimodzi chinasintha ndipo sichibwerera. Kale munthu ankachoka pa chitunda chimenechi akulumbira kuti sadzapondaponso. Lero amakwera minibasi ya ku Lilongwe fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, mawu atasasa, miyendo ikuwawa, chapati chotsala chili m'jumbo, akufunsa kondakitala ngati wamvapo kuti chaka chamawa kudzakhala liti.