Muzu wa Mpunga Umadziwa Kuti Wakhuta

Ku sikimu ya Nkhate ku Chikwawa ndi ya Muona ku Nsanje, anzathu a m'chigwa cha Shire amalima mpunga wamthirira ngati mmene timachitira ife kunyanja kuno. Dandaulo lathu ndi limodzi: feteleza wakwera mtengo, koma pena timathira wambiri, zokolola osasintha. Amapita kuti?

Thumba la Urea la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa masamba. Koma mpunga sudya Urea mmene alili. Pakapita masiku ochepa, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka timamusandutsa amoniyamu. Pomwe pali mpweya, amoniyamu wina amasanduka naitireti. Izi ziwiri ndiye zomwe muzu umayamwa, ndipo m'munda wodzadza madzi amoniyamu ndi amene amachuluka.

Pakhungu la muzu pali timakomo ting'onoting'ono topangidwa ndi mapuloteni. Asodzi mukudziwa pakamwa pa mono: sichilichonse chimalowa. Timakomo totchedwa AMT1 timalowetsa amoniyamu. Kena, kotchedwa NRT1.1B, kamalowetsa naitireti, komanso kamamva kuti wafika n'kutumiza uthenga mkati mwa mbewu kuti ikonzeke kumugwiritsa ntchito. Mu 2015 akatswiri a ku China anapeza kuti kusiyana pang'ono kwa kakhomo kameneka n'chifukwa china chimene mitundu ina ya mpunga imayamwira naitireti bwino kuposa inzake.

Nkhani ili apa, abale: mbewu ikakhuta, imatseka timakomo ta amoniyamu, poti akachulukitsa amaivulaza. Ndiye tikakhuthula feteleza yense tsiku limodzi, mpunga umadya pang'ono basi. Wotsalayo amauluka ngati mpweya, makamaka kotentha ngati ku Nsanje, wina amapita ndi madzi mu ngalande mpaka kumtsinje. Ndalama zapita, ngongole yatsala.

Tichite bwanji? Urea timugawe kawiri. Woyamba tithire mpunga ukayamba kuphukira ana, patatha masabata awiri kapena atatu chiwokereni. Wachiwiri tithire ngala ikamayamba kupangika mkati mwa phesi, mpunga usanatenge mimba. Tiyambe tapalira, madzi tichepetse, potulukira titseke kwa masiku angapo. Za mulingo, tifunse alangizi a kudera kwathu.

Mwana sitimudyetsa nsima ya sabata yonse m'mawa umodzi. Mpunganso ndi chimodzimodzi.