Chigumu cha agogo chibwerere pa tsiku la banja

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka, ife ana tinkadziwa kuti ulendo wa kwa agogo wayandikira. Agogo ankakhala kufupi ndi Ntengo-wa-Mbalame, m'boma lino la Tsangano. Pa 25 Disembala, tsiku limene kuno ku Mozambique timalitcha Dia da Família pomwe anzathu a ku Malawi amati Khirisimasi, khomo lawo linkadzaza. Amalume ankachokera ku Ntcheu kudzera pa Biriwiri, ndipo azakhali ankabwera kuchokera ku Furancungo ku Macanga atanyamula nkhuku m'dengu. Masana kunkakhala mpunga wa nkhuku ndi thobwa, koma ife mtima unkakhala pa mphika umodzi wokha, wa chigumu, chimene ena amati chikondamoyo.

Kutatsala masiku anayi, agogo ankavundikira nthochi m'nkhuti. Tsikulo likafika ankakanya nthochizo mu ufa wa mgaiwa, n'kuthiramo nsinjiro, dzira ndi kasoda pang'ono. Shuga sankathira. Ankayala masamba a nthochi mumphika, n'kuika makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Ife tinkakhala mozungulira, mvula ikugwa panja, kudikira kuti agogo abaye ndi kamtengo. Kamtengoko kakatuluka kouma, ndiye kuti chapsa. Woyamba kulandira ankakhala mwana wamng'ono pa onse.

Chaka chatha tinasonkhananso pakhomo lomwelo, koma mphika uja panalibe. Aliyense wobwera anagula zakumwa za m'mabotolo, maswiti ndi mabisiketi pamsika, poti masiku ano zimenezi ndiye zikuoneka ngati chikondi. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 5, anakana nsima tsiku lonse. Mu Januwale anayamba kulira usiku atagwira tsaya. Ku chipatala anapeza kuti mano ake awiri abowoka, ndipo anamwino anati vutoli silinayambe pa tsiku limodzi. Mwanayo anazolowera kugulidwa switi m'mawa uliwonse.

Tizilombo tokhala m'kamwa timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi amene amabowola dzino pang'onopang'ono. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ndi bwino shuga wochita kuthira asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 6 pa tsiku, ndipo muyeso umenewu ndi wa munthu wamkulu. Chitini chimodzi cha zakumwa zotsekemera cha mamililita 330 chimakhala ndi masupuni 8 kapena kuposa. Vuto lina ndi lakuti mwana wokhuta zotsekemera sadya ndiwo, choncho mimba imadzaza koma thupi silipezapo zomangira.

Chigumu cha agogo chinali chakudya chenicheni. Mgaiwa umapatsa mphamvu, nsinjiro ndi dzira zimamanga thupi, pomwe nthochi zimatsekemeretsa popanda kugula shuga. Lero tingathe kuwonjezerapo chimene agogo analibe, mbatata yofiira mkati. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi la mwana kulimbana ndi matenda monga chikuku ndi kutsekula m'mimba. Katswiri wa zaulimi Maria Andrade, amene anagwira ntchito yofalitsa mbewuyi kuno ku Mozambique kwa zaka zambiri, anali m'modzi mwa anthu anayi amene analandira mphoto ya World Food Prize mu 2016 chifukwa cha ntchito yotere.

Kapangidwe kake nkosavuta. Kanyani nthochi zakupsa 5, kapena nthochi 3 ndi kapu imodzi ya mbatata yofiira yophika. Thiranimo makapu 3 a mgaiwa, kapu imodzi ya nsinjiro, dzira limodzi, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi kamchere. Amene muli ndi tirigu wathu wa ku Tsangano, thiranimo kapu imodzi ya ufa wake m'malo mwa kapu imodzi ya mgaiwa kuti chifewe. Onjezani mkaka kapena madzi owiritsa mpaka zikhale ngati phala lolimba. Wotchani pa makala osayaka kwambiri kwa mphindi pafupifupi 40. Mbatata ikasowa nyengo ya dzinja, dzungu lofiira limagwiranso ntchito.

Samalani ndi mtedza. Nyengo ya mvula mtedza umachita chuku msanga, ndipo poizoni wake, wotchedwa aflatoxin, amawononga chiwindi komanso satha ngakhale muphike. Sankhani mtedza musanasinje, ndipo wakuda, wofota kapena wowawa mutaye. Sambani m'manja ndi sopo musanakanye. Mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse ngakhale kachidutswa, chake ndi bere lokha. Akuluakulu ndi ana omwe atsuke mano asanagone, chifukwa nthochi nazonso zili ndi kutsekemera kwake.

Amayi ndi abambo, m'mera mpoyamba. Ndalama imene mukanagulira zakumwa za m'mabotolo chaka chino, gulirani mazira ndi mtedza wabwino. Kwathu tagwirizana kale kuti achemwali avundikira nthochi pa 21 Disembala, ndipo ine ndabwereka mphika uja wa agogo.