Pakati pa munda ndi mphika: komwe achinyamata angapeze ntchito pa ulimi

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka mwa iwo anali asanakwanitse zaka 18, zomwe zikutanthauza kuti chaka ndi chaka khwimbi la anyamata ndi atsikana likufika pa msinkhu wofuna ntchito pomwe maofesi ndi mafakitale sakuchuluka mofanana nawo. Vutoli si la Malawi yekha, pakuti African Development Bank imati achinyamata pakati pa 10 ndi 12 miliyoni amayamba kusaka ntchito chaka chilichonse mu Africa muno, koma ntchito zolembedwa zimene zimapezeka ndi pafupifupi 3 miliyoni zokha. Yankho limene limamveka kawirikawiri pa misonkhano ndi lakuti achinyamata abwerere kumunda, koma oyankha chotero sanena kuti munda wake ndi uti. Mabanja ambiri akumudzi amalima malo osakwana hekitala imodzi, malowo amakhala m'manja mwa makolo mpaka ukalamba, ndipo kumadera a chikamwini mnyamata amalima munda wa kwa apongozi, umene sangaupereke ngati chikole kubanki ngakhale atakhala wakhama chotani.

Chifukwa cha ichi, gawo la ulimi limene lili ndi malo a munthu wopanda munda ndi lomwe limayamba mbewu zikakhwima: kuumitsa, kusankha, kuyeza, kusunga, kukonza ndi kufikitsa zokolola kwa wodya. M'maiko otentha gawoli ndi lofunika kwambiri, popeza kutentha ndi chinyontho zimene zimakulitsa chimanga ndi zomwenso zimaswetsa tizilombo ndi nkhungu zoononga chimangacho chikalowa m'nyumba. Chakudya chimene chalimidwa kale, feteleza wake n'kugulidwa, aganyu ake n'kulipidwa, chikaonongekera m'thumba ndiye kuti ndalama zonsezo zalowa m'madzi, ndipo munthu amene angachipulumutse ali ndi chinthu choti agulitse kwa mlimi.

Chitsanzo chomveka bwino ndi chuku cha mu mtedza ndi chimanga. Chuku ndi nkhungu imene imamera pa zokolola, ndipo mtundu wake wina, umene akatswiri amautcha Aspergillus flavus, umakhala m'nthaka ndipo umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo, saoneka ndi maso, ndipo satha ngakhale mtedza ukazingidwe kapena ufa uphikidwe nsima. Anadziwika koyamba mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akachuluka m'chakudya amapha msanga, monga zinachitikira kum'mawa kwa Kenya mu 2004 pamene anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga choonongeka, koma nthawi zambiri amalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, n'kumaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka mwa anthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo anasonyezanso kuti ana amene ali ndi poizoniyu wambiri m'magazi amakonda kukhala opinimbira, nkhani yosayenera kuinyozera m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira.

Pa malonda, chuku chinathandiza kutsekera Malawi msika umene kale unali wake. M'zaka za m'ma 1970 mtedza wa Chalimbana unkapita wambiri ku Ulaya kudzera ku ADMARC, koma lero maiko a European Union salola mtedza wodya anthu wokhala ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni, kutanthauza magalamu 4 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Malire othina chonchi sakwaniritsidwa ndi maso a wogula pa sikelo, koma ndi ndondomeko yoyambira kumunda. Alimi a NASFAM a ku Mchinji, mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la ICRISAT limene lili ndi nthambi ku Chitedze, anaonetsa kuti n'zotheka kutumizanso mtedza ku Britain ngati matumba akuyezedwa ndipo akudziwika gulu la alimi kumene achokera.

Chochititsa chidwi n'chakuti zambiri zimene zimabweretsa chuku ndi zizolowezi zazing'ono zimene aliyense wokulira kumudzi anaziona. Mtedza ukauma kwambiri makoko ake amalimba, zala n'kumapweteka pouswa, choncho oswa amauwaza madzi madzulo kuti m'mawa ufewe, ndipo mavenda ena osakhulupirika amachitanso chimodzimodzi pofuna kuti thumba lilemere pa sikelo. Madzi ochepawo ndi okwanira kudzutsa nkhungu. Ena amayanika mtedza pa dothi kapena pa denga la malata pomwe mame amaunyowetsa usiku uliwonse, ena amauchedwetsa m'munda mpaka chiswe chitaboola makoko. Pamene mtedza wasankhidwa, wabwino umapita kumsika, ndipo wofota, wosweka ndi wosintha mtundu, umene ndiwo umakhala ndi poizoni wochuluka, umasinjidwa n'kukhala nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la mwana. Motero kusankha kumene kumateteza wodya wa ku London kumatha kuunjikira poizoni m'mbale ya banja la mlimi, ndipo pulogalamu iliyonse yolimbikitsa kutumiza mtedza kunja yosafunsa kumene mtedza wotsalawo ukupita yachita theka lokha la ntchito.

Apa ndi pamene pali ntchito za achinyamata zosafuna munda. Gulu lokhala ndi makina oswera mtedza oyendetsa ndi manja likhoza kuyenda m'midzi n'kumalipiritsa pa ndowa, ndipo kumene makinawo afika chifukwa chowazira madzi chimatha, ngakhale kuti makina osatcherwa bwino amaphwanya mtedza wambiri ndipo woyendetsa ayenera kudziwa kusintha sefa molingana ndi kukula kwa mtedza wa CG7 kapena Chalimbana. Pali kubwereketsa malona oyanikira, pali kuphunzitsa njira younjikira mtedza wongokumba kumene yotchedwa Mandela cock, imene mapesi amasanjidwa mozungulira n'kusiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa, palinso kuyeza chinyontho ndi kachipangizo kam'manja komanso kuyeza poizoni weniweniyo ndi timapepala toyezera timene timapereka yankho pa mphindi zochepa. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga malangizo, kulemba kaundula ndi kuyenda mtunda pa njinga, zinthu zimene wachinyamata wa MSCE wosowa ntchito ali nazo kale.

Njira ina yothana ndi chuku imayambira m'nthaka momwemo. Bungwe la International Institute of Tropical Agriculture, lomwe likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, mogwirizana ndi akatswiri a unduna wa zaulimi wa ku United States, linapanga mankhwala achilengedwe otchedwa Aflasafe. Nzeru yake ndi yakuti pakati pa mitundu ya Aspergillus flavus ilipo ina yosatulutsa poizoni, choncho akatswiri amaisankha m'nthaka ya dziko lomwelo, amaikuta pa njere za mapira zokazinga kuti zisamere, n'kuzipaka utoto wa buluu kuti anthu asaziyese chakudya. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala patatsala masabata awiri kapena atatu kuti chimanga chimasule ngayaye, ndipo nkhungu yosavulazayo imaswana n'kulanda malo a inzake yoipa, kotero kuti poizoni amachepa ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposerapo. Mitundu yogwirizana ndi nthaka ya Malawi, Zambia ndi Mozambique inapangidwa kale. Chovuta chake n'chakuti phindu la mankhwalawa silioneka m'munda, pakuti chimanga sichitalika ndipo matumba sachuluka, choncho wogulitsa ayenera kukhalanso mphunzitsi, ndipo amakhala ndi mwayi pokhapokha pamene pali wogula wolonjeza mtengo wabwino pa zokolola zoyera.

Mdani wachiwiri wa zokolola ndi nankafumbwe, makamaka wamkulu uja wotchedwa Prostephanus truncatus amene anachokera ku Central America n'kufika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo. Ameneyu amaboola chimanga chosatonola ngakhalenso mitengo ya nkhokwe, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabanja ambiri, kuphatikiza pa mantha a akuba, anasiyira nkhokwe n'kuyamba kusunga chimanga m'matumba kuchipinda. Yankho lotsika mtengo linachokera ku Purdue University, kumene katswiri wa tizilombo Larry Murdock ndi anzake anayamba kuyesa matumba osalowa mpweya posunga khobwe ku Cameroon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Thumba lotere, lotchedwa PICS, lili ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi saka wamba kunja. Wosunga amathira chimanga chouma, amafinya mpweya wotsala pamwamba, amapotokola kukamwa kwa pulasitiki yam'kati n'kuipinda n'kumanga, amachitanso chimodzimodzi ndi yachiwiri payokha, kenako saka. Tizilombo totsekeredwa m'katimo timamaliza mpweya wabwino ndi kupuma kwake komwe, timasiya kudya ndi kuswana, kenako timafa popanda mankhwala alionse. Thumbalo limagwira ntchito nyengo zingapo ngati silinabooledwe ndi makoswe, n'chifukwa chake limaikidwa pa thandala, kutali ndi khoma. Chimanga chikakhala chosauma bwino chimaola m'katimo, ndipo alangizi amaphunzitsa kuchiyesa pothira njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi n'kukhutchumula: mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyontho chikadalipo.

Kufunika kwa thumba lotere kumaoneka bwino munthu akayang'ana kayendedwe ka mitengo. M'miyezi ya Meyi ndi Juni chimanga chimatsika mtengo chifukwa aliyense akugulitsa kuti abweze ngongole ndi kulipira sukulu, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale mlimi yemweyo amakagulanso chimanga pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kwa venda yemwe anamugula. M'zaka za chilala, monga mu 2024 pamene El Niño anachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kusiyana kumeneku kumakula koposa. Gulu la achinyamata lokhala ndi nyumba youma, sikelo yolungama ndi matumba osalowa mpweya likhoza kusungira alimi pa mtengo wogwirizana, kapena kusonkhanitsa zokolola zokwanira kupita nazo kumalo osungira ovomerezeka monga a Agricultural Commodity Exchange for Africa, kumene mwini katundu amalandira lisiti limene angakongolere nalo ndalama podikira kuti mitengo ikwere.

Mbewu nazonso zili ndi mpata wofuna malo ochepa. Mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A wochuluka ndipo inapezetsa Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low mphoto ya World Food Prize mu 2016, imabzalidwa ndi zingwe zake, zomwe zimauma m'chilimwe, kotero kuti mvula ikagwa alimi amasowa chobzala. Wachinyamata wokhala ndi kadimba ndi khasu akhoza kusamala mitundu monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira m'miyezi yowuma n'kugulitsa mitolo mu Disembala, malinga mbewuyo ikhale yopanda matenda.

Nkhani za luso latsopano zimakonda kuthamangira ku mafoni, ndipo n'zoona kuti zina mwa izo zagwira ntchito. Kampani ya Hello Tractor, imene Jehiel Oliver anayambitsa ku Nigeria mu 2014, imalumikizitsa eni mathirakitala ndi alimi ofuna kulimiridwa, ndipo pulogalamu ya pafoni ya PlantVillage Nuru imathandiza kuzindikira matenda a chinangwa ndi ntchemberezandonda pojambula tsamba. Koma pa zonse ziwirizi ntchito imene imalemba anthu ambiri ndi ya mkhalapakati woyenda m'midzi, wosonkhanitsa alimi okwanira kuti thirakitala ibwere kapena wonyamula foni kupita nayo kumunda wa agogo amene alibe yawo. Mapulogalamu akuluakulu monga IITA Youth Agripreneurs, imene inayamba mu 2012, ndi ENABLE Youth ya African Development Bank anayamba n'kuyang'ana kwambiri omaliza maphunziro a kuyunivesite, pomwe achinyamata ambiri akumudzi sanafike n'komwe kumeneko.

Zopinga zenizeni ndi ziwiri, ndipo maphunziro a sabata imodzi sangazichotse. Choyamba ndi mpamba: mu 2024 chiwongoladzanja cha ngongole za m'mabanki m'Malawi chinali choposa 25 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo ndalama za banki mkhonde, ngakhale zimagula matumba angapo ndi lona, sizifika pa makina opangira chiponde. Chachiwiri ndi msika wosasiyanitsa chabwino ndi choipa. Pa misika yambiri ya m'dziko muno venda amagula mtedza wouma bwino ndi wowazidwa madzi pa mtengo umodzi, ndipo wowazidwawo umapambana chifukwa cholemera, kotero kuti mlimi saona chifukwa cholipirira woyeza kapena wogulitsa Aflasafe. Zinthu zimasintha pamene wogula wamkulu akukana katundu wosayezedwa, monga amachitira opanga chiponde chochiritsira ana onyentchera, opanga zakudya za nkhuku ndi otumiza kunja, komanso pamene Malawi Bureau of Standards ikuyendera mashelufu a m'masitolo n'kuchotsa mabotolo a chiponde opyola malire. Gulu la achinyamata lofuna kuyamba malonda otere limayenera kupeza kaye wogula wa mtundu umenewu ndi kugwirizana naye za mtengo ndi muyezo lisanagule chipangizo chilichonse, ndipo masukulu, zipatala ndi ndende zimene zimagula chimanga ndi nyemba ndi ndalama za boma zikhoza kukhala ogula oyamba otere m'boma lililonse zitalamulidwa kufunsa chikalata cha kuyezedwa kwa thumba lililonse limene zalandira.