Cifukwa cake SSD imayamba kucedwa, ndi zimene firmware yatsopano ingakonze

Ogwiritsa nchito makompyuta ambiri m'mizinda ya Kitwe ndi Ndola anacotsa kale hard disk m'makina awo ndi kuikamo cipangizo cosungira mafailo cochedwa SSD. Laputopu yakale imene inali kutenga mphindi zingapo kuti iyake imayamba kuyaka m'masekondi ocepa, ndipo mwini wake sakhalanso ndi cifukwa cogulira ina.

Koma pakapita miyezi kapena zaka, kompyuta ija nthawi zina imayambanso kuzengereza. Wophunzira wa pa Copperbelt University ku Kitwe kapena pa NORTEC ku Ndola, ngakhalenso wamalonda wojambula ndi kusindikiza zikalata, angaganize kuti SSD yafa. Kawirikawiri imakhala isanafe. Mavuto ena amatha popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi, ena amatha poikamo firmware yatsopano. Komabe nchito yoika firmware ili ndi ngozi yake, makamaka kumene magetsi amazima mosayembekezereka.

Mmene SSD imasungira mafailo

Hard disk ili ndi mbale zozungulira ndi kamkono kowerenga. SSD ilibe ciwalo ciliconse coyenda. Imasunga mafailo m'timaselo ting'onoting'ono mabiliyoni ambiri, ndipo kaselo kalikonse kamagwira mphamvu pang'ono ya magetsi. Kuculuka kwa mphamvu imeneyo ndiko kumaimira zimene zalembedwa.

M'kati mwake mulinso kacipangizo kolamulira, kochedwa controller, kamene kamasankha polemba, pofafaniza ndiponso mmene zolakwika zingakonzedwere. Malangizo amene kacipangizoka kamatsatira ndiwo firmware. Ndi pulogalamu imene kampani yopanga SSD imaika m'kati mwa SSD momwemo, ndipo ndi yosiyana ndi Windows. N'cifukwa cake kufafaniza kompyuta yonse ndi kuikanso Windows sikusintha firmware.

SSD ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulimvetsa. Ikhoza kulemba pa kamalo kakang'ono kopanda kanthu, koma singafafanize kamalo kamodzi pakokha. Imafafaniza cigawo cathunthu ca timalo mazanamazana nthawi imodzi. Zili ngati mphunzitsi amene saloledwa kufuta mzere umodzi pa bolodi: akafuna malo, ayenera kukopera mizere yofunika pa bolodi lina, kenaka n'kufuta bolodi lonse. Mabolodi opanda kanthu akakhala ambiri, nchito imayenda msanga. Akatsala ocepa, nthawi yambiri imathera pa kukopera ndi kufuta.

Kucedwa kumene sikufuna firmware

Cifukwa coyamba ndi kudzaza. SSD ya magigabaiti 128 kapena 256 imadzaza msanga ndi mafilimu, nyimbo ndi zithunzi. Ndi bwino kusiya malo opanda kanthu okwana gawo limodzi mwa magawo 5, kapena kucepetsetsa limodzi mwa magawo 10.

Caciwiri cikukhudza lamulo lochedwa TRIM. Munthu akafafaniza failo, kompyuta iyenera kudziwitsa SSD kuti malo amenewo ndi omasuka. Kampani ya Microsoft inayamba kuika lamuloli mu Windows 7, imene inatuluka mu Okutobala 2009. Pa makina amene akali ndi Windows XP kapena Vista, SSD imapitiriza kusamutsa zinyalala ngati kuti ndi mafailo ofunika.

Cacitatu ndi kutentha. SSD zambiri zogulitsidwa kwa anthu wamba zinapangidwa kuti zizigwira nchito pa kutentha kosaposa madigiri 70. Zikatentha kwambiri zimacepetsa dala liwiro kuti zisapse. M'mwezi wa Okutobala, laputopu yodzaza fumbi yoikidwa pa matiresi kapena pa bulangete sicedwa kutentha.

Cacinayi ndi kapangidwe ka SSD zochipa. Zambiri zili ndi kagawo kakang'ono kolandirira mafailo mofulumira. Munthu akamakopera failo yaikulu, kagawoko kamadzaza ndipo liwiro limatsika mwadzidzidzi. Kumeneko si kuonongeka; ndi mmene zinapangidwira.

Nkhani ya Samsung 840 EVO

Pali kucedwa kwina kumene gwero lake ndi firmware yeniyeni. Citsanzo codziwika bwino ndi SSD ya Samsung 840 EVO, imene inatuluka mu 2013 ndipo inagulidwa kwambiri pa dziko lonse. Mu 2014 eni ake anazindikira cinthu cacilendo. Mafailo olembedwa kumene anali kuwerengedwa pa liwiro la mamegabaiti pafupifupi 500 pa sekondi, koma amene anakhala miyezi ingapo osakhudzidwa anali kutsika mpaka pansi pa mamegabaiti 100.

SSD imeneyi inali kusunga mabiti 3 m'kaselo kamodzi, kutanthauza kuti kaselo kalikonse kanayenera kusiyanitsa milingo 8 ya mphamvu ya magetsi. M'kupita kwa nthawi mphamvuyo imasuntha pang'ono. Firmware sinali kutsatira bwino kusunthako, motero SSD inali kuwerenga malo amodzi mobwerezabwereza isanapeze yankho lolondola. Mafailo sanatayike, koma kuwatsegula kunali kwa pang'onopang'ono.

Mu Okutobala 2014 Samsung inatulutsa firmware yatsopano pamodzi ndi pulogalamu yolembanso mafailo onse. Liwiro linabwerera, koma patapita miyezi ocepa vutolo linaonekanso. Mu Epulo 2015 kampaniyo inatulutsa firmware ina, imene imalembanso yokha mafailo akale nthawi ndi nthawi pamene kompyuta ili coyaka koma sikugwira nchito yolemetsa. Popeza makompyuta ogwiritsidwapo kale nchito ocokera kunja amagulidwa kwambiri m'dziko muno, n'zotheka kukumana ndi SSD ya mtunduwu imene ikali ndi firmware yake yoyamba.

Pamene firmware ipulumutsa mafailo

Zolakwika zina za firmware n'zoopsa kuposa kucedwa. SSD ya Crucial m4 inali ndi colakwika m'kawerengedwe ka maola. Ikakwanitsa maola 5,184 ili coyaka, omwe ndi masiku 216, inali kuimitsa kompyuta ola lililonse. Firmware yokonza zimenezi inatuluka mu Januwale 2012.

Mu Novembala 2019 kampani ya Hewlett Packard Enterprise inacenjeza kuti mitundu ina ya SSD za m'makompyuta aakulu a makampani idzafa ikafika maola 32,768, omwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, pokhapokha itaikidwa firmware yatsopano nthawiyo isanakwane. Imene yafika pamenepo inali kufa pamodzi ndi mafailo ake onse. Kumayambiriro kwa 2023 Samsung nayo inatulutsa firmware ya 990 Pro pambuyo poti eni ake adandaula kuti ciwerengero ca umoyo wa SSD cinali kutsika msanga kwambiri.

Komanso firmware yatsopano nayo ikhoza kukhala yolakwika. Mu Okutobala 2009 kampani ya Intel inatulutsa firmware yobweretsa TRIM pa SSD zake za X25-M, koma inaicotsa pa intaneti mwamsanga itamva kuti yalepheretsa makompyuta ena a Windows 7 kuyaka. Ngati SSD ikuyenda bwino ndipo kampani sinachule vuto lalikulu, palibe colakwika kudikira milungu ingapo firmware ikangotuluka.

Ngozi ya magetsi

Pamene firmware ikuikidwa, SSD imakhala ikufafaniza malangizo ake akale ndi kulemba atsopano. Nchitoyi imatenga mphindi zocepa cabe, koma magetsi akazima pakati, SSD ikhoza kutsala ndi malangizo osakwanira, ndipo kompyuta singaizindikirenso.

Anthu a ku Copperbelt akudziwa bwino za kuzima kwa magetsi. Mbali yaikulu ya magetsi a Zambia imacokera ku madzi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa m'damu la Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana, ndipo pofika Seputembala 2024 makomboni ambiri anali kukhala mumdima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Kusowa kwa magetsi kotere kunacitikanso mu 2015 ndi mu 2019. Ngakhale m'caka ca mvula yabwino, mphezi za m'dzinja ndi kuonongeka kwa mathiransifoma zimazimitsa magetsi popanda cenjezo.

Kuzima kwadzidzidzi kumavulaza SSD ngakhale pa masiku wamba. Mu 2011 SSD zina za Intel 320 zinali kuonetsa kuti zili ndi mamegabaiti 8 okha pambuyo poti magetsi azima mwadzidzidzi, ndipo mafailo sanali kupezekanso. Intel inakonza colakwikaco ndi firmware caka comweco, koma firmwareyo sinabweze mafailo amene anali atatayika kale.

Zoyenera kutsatira

Coyamba, mwini kompyuta ayenera kukopera mafailo onse ofunika pa fulashi, pa hard disk yakunja kapena pa intaneti, ndi kutsegulako ena kuti atsimikize kuti akopedwadi.

Caciwiri, ayenera kudziwa dzina ndi nambala ya SSD yake. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa dzinalo, firmware imene ilimo, kutentha, maola amene yagwira nchito ndi umoyo wake. Nambala zimenezi ndi zothandizanso pogula laputopu yogwiritsidwapo kale nchito.

Cacitatu, firmware iyenera kucokera kwa kampani yopanga SSD basi, kudzera m'mapulogalamu monga Samsung Magician kapena Kingston SSD Manager. Ngati SSD inabwera m'kati mwa laputopu ya Dell, HP kapena Lenovo, firmware yake nthawi zambiri imapezeka kwa kampani ya laputopuyo. Failo yolandira pa WhatsApp kapena ya mtundu wina wa SSD ikhoza kupha cipangizo.

Cacinayi, laputopu ikhale ndi batire logwira nchito ndiponso lodzaza, ndipo ikhale yolumikizidwa ku magetsi. Laputopu ya batire lakufa ndi kompyuta ya pa tebulo zimafuna UPS kapena inveta. Nchito ikayamba, munthu asazimitse makina mpaka pulogalamu itanena kuti yatha.

Wopereka kompyuta kwa wokonza ali ndi ufulu womufunsa ngati wasunga mafailo, kumene watenga firmware, ndi cimene cidzateteza makina magetsi akazima.

Zimene firmware singakonze

Timaselo ta SSD timatha mphamvu tikalembedwa ndi kufafanizidwa kambirimbiri. Ngati pulogalamu ionetsa kuti umoyo watsika kwambiri, kapena mafailo ayamba kukana kutseguka, cofunika ndi kusamutsa mafailo tsiku lomwelo ndi kugula ina. SSD si malo abwinonso osungira zikalata zaka zambiri mu kabati, pakuti mphamvu ya m'timaselo imacepa pang'onopang'ono ikakhala yosayatsidwa, makamaka pamalo otentha.

Palinso SSD zacinyengo zokhala ndi dzina la kampani yochuka pamwamba koma zipangizo zopanda pake m'kati. Zina zimaonetsa malo aakulu pamene malo enieni ndi ocepa. Mtengo wotsika modabwitsa ndi cizindikiro coyamba, ndipo caciwiri ndi kulephera kwa pulogalamu ya kampani kuizindikira. Wogula ayenera kupempha lisiti, cifukwa lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kugulitsa katundu monama, ndipo madandaulo otere amalandiridwa ndi bungwe la CCPC.