Mtima wa khanda ukathamanga malungo palibe

Khanda likakana bere, n'kumangolira, thukuta lili kamukamu pamphumi, mayi aliyense kuno amayamba waganiza za malungo kapena chibayo. Kawirikawiri amalondola. Koma alipo ana ena oti thupi silikutentha, m'magazi malungo sakupezeka, koma ukaika dzanja pachifuwa mtima ukuthamanga mosawerengeka.

Mtima wa mwana wobadwa kumene umagunda ka 100 mpaka 160 pa mphindi imodzi. Ukapitirira 220, kapena 180 kwa mwana wokulirapo, madokotala amaganizira za matenda otchedwa SVT, omwe amatsogola pa matenda osokoneza kagundidwe ka mtima mwa ana. Mtimatu uli ndi magetsi akeake amene amauuza nthawi yogunda. Ana ena amabadwa ndi kanjira kowonjezera, ndiye magetsiwo amangozungulira osaima. Mtundu umodzi wa vutoli anaufotokoza mu 1930 madokotala atatu, Louis Wolff, John Parkinson ndi Paul Dudley White.

Kusiyanitsa n'kumene kumavuta. Mtima wothamanga chifukwa cha malungo, kuchepa kwa magazi kapena kutha madzi m'thupi umakwera n'kutsika, mwana akagona umachepako liwiro. Wa SVT umayamba mwadzidzidzi, kuthamanga paliwiro limodzimodzi, n'kudzasiyanso mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ECG, pepala loonetsa magetsi a mtima, imafunika kujambulidwa nthawi yomweyo. Mukadikira mawa, pepala likhoza kutuluka labwinobwino ndipo mayi n'kuoneka ngati amakokomeza.

Chithandizo choyamba chimadabwitsa. Dokotala amaika kathumba ka madzi a ayezi pankhope ya khanda kwa masekondi ochepa, osatseka mphuno, ndipo kuzizirako kumadzidzimutsa mtsempha umene umachepetsa liwiro la mtima. Wamkulupo amamuuza kuti auzire mwamphamvu m'sirinji. Zikakanika amabaya mankhwala otchedwa adenosine mumtsempha mofulumira kwambiri, pakuti mphamvu yake imatha m'masekondi osakwana 10. Mwana akafookeratu amamugwedeza ndi magetsi pachifuwa. Verapamil, yemwe amathandiza akuluakulu, kwa khanda losakwana chaka n'ngoopsa. Izitu si zoyesera pakhomo.

Kuchedwa kumapweteka, chifukwa mtima ukathamanga chonchi tsiku lathunthu kapena awiri umatopa n'kuyamba kulephera kupopa magazi. Makanda ambiri vutoli limawasiya akamakwanitsa chaka, ngakhale kwa ena limadzabwerera atayamba sukulu. Oterowo amamwa mankhwala monga propranolol, kapena madokotala amalowetsa kawaya kudzera mumtsempha wa m'ntchafu n'kukawotcha kanjira kaja.